Mawu a pa Chiliza cha Agogo a Rafaelo

Bembeke, Dedza

Wokondedwa mlongo wanga Levison,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako kumeneko ku Joni, pamodzi ndi mlamu wanga Fiona ndi ana. Ife kuno tilipo, kachewere tinakumba kale. Koma amayi sali bwino. Miyendo yatupa, ndipo chisanu cha chaka chino chawafooketsa kwambiri.

Mwala wa chiliza cha agogo a Rafaelo unafika. Ndi wokongola ndithu. Mawu amene unasankha aja anawalemba bwino: "Anabweretsa chitukuko m'mudzi muno." Koma kumanda sunapite, uli m'nyumba yosungiramo mbewu.

Ukudziwa kuti kumanda sitigwirako ntchito popanda adzukulu athu, a banja la a Zikhalo. Maliro athu amasambitsa ndi kukumba ndi iwo, ife timachitanso chimodzimodzi kwawo. A Zikhalo atabwera kudzaona mwalawo anandiuza kuti ndiwawerengere, poti maso awo anachita mdima. Ndinawawerengera. Kenaka anavala chipewa chawo nkunena kuti mwala umenewu ukakaima kumanda, iwo ndi ana awo sadzagwiranso khasu pa maliro a pakhomo pathu.

Ndinapsa mtima, Levison, umandidziwa pakamwa panga. Ndinawauza kuti imeneyo ndi nsanje chabe. Kodi nyumba yoyamba ya njerwa anamanga ndani? Woyamba kuvala nsapato ndi kulankhula Chingerezi pamaso pa Mzungu anali ndani?

Amayi anamva zonsezi ali chigonere. Anandiitana nkunditsina khutu ngati ndine kamwana. Anati bambo awo, agogo a Rafaelo omwewo, ali kapitawo wa malimidwe m'nthawi ya atsamunda, ankayenda ndi chikoti m'minda. Aliyense wosaunda mizere monga boma linalamulira ankamuzulira chimanga, nkumukwapula. Mzungu ankaimirira poteropo, akuti akuphunzitsa anthu osazindikira kulima.

Tsiku lina agogowo anapeza mayi ake a Zikhalo m'munda, mwana ali kumbuyo. Anawalamula kuti atsitse mwanayo pansi kuti chikoti chipeze msana. Mwana amene anamugoneka mumzere uja ndi a Zikhalo omwewa.

Ndinafunsa amayi ngati zimenezi si nkhambakamwa za anthu. Anati mayi ake a Zikhalo aja atamwalira, mmodzi mwa osambitsa mtembo anali iwo. Zipsera anazikhudza ndi manja awo, kuyambira paphewa mpaka m'chiuno. Anati anasambitsa akulira, ndipo anzawo ankayesa kuti akulirira malemuwo.

Ine ndachita manyazi, mlongo wanga. Sukulu tinaphunzira ifeyi inachokera m'manja omwewo ogwira chikoti, sindikukana. Agogo ankatikonda, ankatisendera mapichesi pakhonde. Koma a Zikhalo sakupempha kuti tiwatukwane. Akuti tilembe dzina ndi zaka basi.

Ndinayesa kukuuza pafoni, iwe nkundidula mawu kuti anthu akumudzi sadziwa kuyamika. N'chifukwa chake ndalemba, kuti uwerenge mpaka pamapeto. Chonde lola kuti mmisiri afute mawuwo. Amayi sakhalitsa, ndikuwaona ndine. Mwambo sulola mwana kukumba manda a mayi ake. Koma amayiwo akuti ndikuuze kuti ukakakamira mawu akowo, podzabwera ku maliro awo udzatenge khasu, udzawakumbire wekha.

Undiperekere moni kwa a Fiona, upsompsone ana. Ambuye akusunge, akufewetsenso mtima.

Ndine mlongo wako,
Dorika