Bambo Thomasi Abwereka Buku la Afulanki

Lachitatu, Okutobala. Kwatentha koopsa, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Masana, pa kalasi ya akuluakulu kutchalitchi kwathu kuno ku Ngabu, ndaphunzitsa za Afulanki, mtundu wakale wa ku Ulaya. Mkazi wa mfumu yawo anali Mkhristu. Mfumuyo itapambana nkhondo inabatizidwa, asilikali ake ambirimbiri n'kubatizidwanso tsiku lomwelo.

Mayi Alfazema afunsa, "Aphunzitsi, onsewo anakhulupiriradi tsiku limodzi?"

Pakamwa pandipachika. Ndati, "Amayi, mfumu ikalowa m'madzi, ndani angatsale pamtunda?"

Anthu aseka. Bambo Thomasi okha, aja amaima pachipata cha msika kufunsa makhadi a chipani, sanaseke. Chiyambire kalasiyi sanabwerepo. Lero amadzatani? Potuluka andigwira dzanja osafuna kulisiya, n'kundithokoza mwa chiyankhulo cha kuno. "Takhuta, aphunzitsi. Kodi mfumu mumanena ija ndi iti?"

Ndati ya ku Ulaya, inafa kalekale. Angomwetulira, n'kubwereka buku langa.

Khadi ndili nalo, ndaliyang'ana kawiri. Koma m'mphepete mwa tsamba la ubatizolo ndinalembamo ndi pensulo chaka chatha, ndipo sindikukumbuka kuti ndinalemba chiyani...