Kababu ka Bambo Jonasi

Lolemba, 3 Juni 1957, Gatuma

Kuzizira. Nditaweruka ku ofesi ya mgodi, kwa bambo Jonasi kukomboni. Chifuwa cha mgodi chawatha, angotsala mafupa. Kuno ndi iwo okha odziwa kwathu ku Dowa, odziwa ndi dzina la mayi anga lomwe. Ndinayatsa koloboyi kuti ndiwawerengere Masalimo. Utsi unawatsamwitsa mpaka magazi. Ndinazimitsa. Akuti mdima amauopa, umawakumbutsa pansi pa mgodi.

Lachitatu, 5 Juni

Kwa Maclean, makaniko. Walumikiza waya wautali ku batire la mthuthuthu wanga, kumapeto kababu ndi swichi. Njinga panja, waya ulowere pazenera. Anati, “Akalaliki, dayinamo imadzaza batire njinga ikamayenda. Ikaima, kababuka ndi nkhupakupa, kamangoyamwa. Ndipo yanuyi batire likatha siilira, mungaponde mpaka Khirisimasi.” Akuti ndiziyatsa pang'ono, m'mawa ndiziithamangitsa isanafike ntchito.

Madzulo chipinda mbee, popanda utsi. Mkuluyo anandiyang'anitsitsa. “Kani wayamba imvi.” Ndi kale munthu anandiyang'ana chotero.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndimati Salimo limodzi, amakhala angapo, kenako nkhani za kumudzi. Dzanja silifika pa swichi. Kwanga akundidikira ndani? Hutala wa njinga wayamba kulira ngati kamwana ka mbuzi, batire likufooka.

Lero apempha Rozina, mwana wawo mmodzi yekhayo. Ali pa pulazi ya fodya kupitirira Hatile. Kapitawo amamasula antchito Lasabata lokha. Ndalonjeza kukamutenga.

Ambuye, Inu mukudziwa, ndinalonjeza ndi pakamwa pokha. Akabwera iyeyo, ine ndidzakhala wa chiyani m'chipinda muja?

Lachinayi, 13 Juni

M'mawa njinga zii. Kuponda, kuponda, thukuta mu Juni. Ndinaikankha mpaka kwa Maclean, kuntchito mochedwa. Walidzaza, koma akuti batire ndi lokalamba, silisunganso moto. “Sankhani, akalaliki, kuwala kapena Hatile.” Latsopano sindingalikwanitse mwezi uno.

Madzulo ndinayatsabe. Bambo Jonasi sindinawauze.

Loweruka, 15 Juni

Amva okha za batire, komboni sisunga nkhani. Nditangofika anagwira dzanja langa lisanafike pa swichi. “Usayatse. Pansi ndinakhalamo unyamata wanga wonse. Nkhope yako ndaiona kale, ndikufuna ya mwana wanga.”

Zinandilasa, ngakhale ananena zoona. Ndinanena Salimo la mbusa pamtima. Mumdimamo ndinkamva akunjenjemera, mphasa ikuchita phokoso. Sanadandaule.

Ndachotsa waya ku batire ndi manja angawa. Ambuye, mundikhululukire za Lachinayi.

Lasabata, 16 Juni

Sindinapite kutchalitchi. Akulu a mpingo adzafunsa, ndidzayankha.

Njinga yalira. Ndinatsala pang'ono kugwada pamsewu. Njira yonse maso pa singano ya batire, ili mbali yodzaza. Ku Hatile fumbi, mphepo yolowa m'mafupa. Rozina ndinampeza atamanga kale kamtolo. Chipumi cha bambo ake. Ine Chinyanja, iye kuyankha Chishona. Pobwerera anangogwira jekete langa, koma pa mlatho anafunsa ngati tiwapeza ali moyo.

Tawapeza. Anagwada pakhomo, “Baba.” Ndinalumikiza waya, ndinaulowetsa pazenera, ndinamuonetsa swichi. Kenako ndinatuluka.

Ndikulemba nditakhala pa njinga, ndi kuwala kotuluka pazenerapo. Injini ikadali yofunda kumiyendo. M'katimo akuseka, mkuluyo kuseka ndi kutsokomola pamodzi. Ndiyenera kuthokoza. Ndikuyesa. Kuchoka sindingathe, batire lili pansi pangapa, ntchito yanga yatsala imeneyi. Likatha lithe, mawa ndiyenda wapansi.

Chitseko chatseguka. Rozina, Buku Lopatulika lili m'manja. Akuti zilembo akuziona koma mawu ake a Chinyanja sakumutulukira bwino, bambo akuti akuwapweteka m'makutu. Akuti, “Mukoma, pindai.” Ndiye kuti lowani, achimwene.

Achimwene.

Ndimaliza mawa