Chitenje cha Nkhanga

Okondedwa amama,

Monire kumeneko ku Magodi. Muli uli, nanga msana uja ukukulolani kugona? Ine kuno ku Lusaka ndili bwino, kungoti magetsi akuzimazima.

Khalani pansi kaye ndikuuzeni. Bungwe lomwe ndimagwirako ntchito lavomera kukumba mjigo pafupi ndi tchalitchi chathu mvula isanagwe. Mwezi wamawa tikubwera kudzaona malo, ineyo ndili m'gulumo. Abwana atandiuza ndinaseka mpaka misozi, anzanga n'kumayesa kuti ndapeza mwamuna.

Pempho langa ndi limodzi. Chitenje chanu chachipani chija, cha nkhope ya bambo wofuna uphungu, tsikulo chitsale m'sutikesi. Bungwe lathu ndi lothandiza anthu, sililoledwa kuchemerera chipani chilichonse, makamaka chaka chino cha masankho. Zithunzi za mwambo wotilandira zimapita kwa amene amatipatsa thandizo. Mnzanga Haswell anapita kukaona malo kumudzi wina, amayi akumeneko n'kumulandira atavala zachipani. Mjigo wawo unaimitsidwa, ndipo mpaka lero iye akadafotokozabe kwa akuluakulu.

Ndikukudziwani, mudzati inu ndale mulibe nazo ntchito, chitenjecho mumachikonda chifukwa sichisuluka, ndiponso nkhopeyo mumangoikhalira. Zoona amama, koma mukatembenuka povina, nkhope yomweyo ndi imene imayang'ana kamera.

Musadandaule za chovala. Ndatumiza pa basi chitenje chatsopano, chojambulidwa nkhanga. Ndinayamba ndawaonetsa abwana, ndipo ananditsimikizira akuseka kuti nkhanga sizikupikisana pa mpando uliwonse.

Mundiperekere moni kwa azakhali a Evelina. Poti ndi amene amayambitsa nyimbo yolandirira alendo, dzina la bambo wofuna uphungu lija analowetsamo pamsonkhano wachipani alichotse, abwezeremo mawu akale. Moni kwa amalume a Ezron, muwauze kuti voti ndi yawo, palibe akuwalanda, koma chipewa chawo chachipani chipume tsikulo. Moninso kwa alamu ndi ana onse.

Amama, chibadwire changa ndimakuonani mukukwera chitunda cha kudambo ndowa ili pamutu, ndipo zimandiwawa. Nkhope ija ibisale tsiku limodzi lokha, kuti msana wanu upume masiku onse otsalawa.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Faides