Ng'anjo m'munda wa amayi

Domwe, Angoniya

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Maputoko pamodzi ndi alamu. Kuno tonse tili bwino, ndipo chifuwa cha amayi chija chinatha.

Ndalemba kuti ndikuthokozeni chifukwa cha kalata ya apulofesoli anu yofotokoza zinthu zimene tinafukula zija. Paja chifukulireni timipope tadothi ndi miyala yakuda ija m'munda wa kachewere, amayi anasiya kupondako. Ankati a Fabiyano, oyandikana nafe munda, ndiwo anakwirira mankhwala chifukwa cha mkangano wa malire. Ngakhale ku Misa sankapatsana dzanja.

Lamlungu ndinawawerengera amayi kalatayo, ndikumasulira Chipwitikizicho pang'onopang'ono. Nditafika poti pamalopo panali ng'anjo yomwe anthu akale ankasungunuliramo chitsulo cha makasu, ndipo miyalayo ndi zotsalira zake, anandiimitsa.

"Tabwereza pamenepo," anatero. Ndinabwereza. Kenako anati, "Ndiye kuti miyezi yonseyi ndakhala ndikunamizira munthu?"

Anamanga mpango n'kupita okha kwa a Fabiyano. Zimene anakambirana sindikuzidziwa, koma Lolemba ndinaona awiriwo akuzika zikhomo mozungulira ng'anjoyo kuti ng'ombe zisapondepo.

Muwauze apulofesoli kuti sitikumbaponso, monga anatipempha m'kalata muja, ndipo akadzabwera malo ogona alipo. Amayi akuti muwafunsenso ngati mabuku awowo analemba mayina a anthu amene ankasula makasu pamenepo. Akufuna aziwatchula m'pemphero, popeza akhala akulima pamalo pawo osawadziwa.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Rozalina