Ndani Anamuvula Yasen Mahedifoni

Gulu: Banja lathu
Lamulungu

11:02 Tsvetana: chitumbuwa chachiwiri cha banitsa ndikuchikulunga pano, ndikwera basi ya 3 koloko. Yasen wadya kwa agogo akeko?

11:03 Lyuben: wadya. buledi yekha ngati masiku onse

11:04 Tsvetana: Mulungu ngwabwino. akukeri, amuna ovala zigoba ovina pothamangitsa mizimu yoipa aja, asanatuluke ndi mabelu awo mupite naye kumtsinje monga tinapanganira. mahedifoni otchinga phokoso aja asavule

11:04 Lyuben: osadandaula mayi a Yasen

11:48 Nevena: [kanema 0:40]

11:48 Nevena: alamu taonani mwana wanu!! akukeri alowa mpaka pabwalo pathu, amuvinira momuzungulira. amayi akuti zoipa zathawa, chaka chino ayankhula basi kkk

11:55 Tsvetana: ndasamba m'manja, ndaonera kawiri

11:55 Tsvetana: mahedifoni ali kuti

11:56 Tsvetana: nanga amene wamugwira manja kuti asatseke makutu ndani

11:58 Nevena: iii kodi simumadziwa? achimwene anati munavomera

12:01 Tsvetana: bambo a Yasen

12:09 [Tsvetana anaimba, sinayankhidwe]

12:20 Nevena: alamu, Yasen walowa kunsi kwa bedi la adadi. akudziluma dzanja. nditani plz

12:21 Tsvetana: tseka makatani. zimitsa TV. musamukoke, musamuyankhulitse. bulangete lolemera lija lili m'chikwama chake, ingomukankhira pafupi

12:33 Nevena: walitenga, wadzifunda. adadi aimitsa wotchi ya pakhoma, avula nsapato, angokhala pansi pakhomo osayankhula

12:34 Tsvetana: uwathokoze. sindinawauzepo za wotchi, anangoona okha kuti kulira kwake kumamuvuta

12:50 Lyuben: zinali mphindi ziwiri zokha. tonse tinadutsamo, inenso ndinalira ndili mwana. amayi anachita kuwachonderera anthu aja kuti alowe kwathu, ndikanawachititsa manyazi bwanji

12:52 Tsvetana: inu munalira ndi mantha. iye zimamuwawa. belu limodzi la kutchalitchi limamugwetsa pansi, ndiye amuna khumi, aliyense mabelu a ng'ombe m'chiuno monse

12:53 Tsvetana: mwana wathu alibe chiwanda, ali ndi autism. kwa dokotala tinakhala limodzi

12:54 Lyuben: ndiye tisayese chilichonse? wakwana zaka 6, sanandiitanepo kuti adadi

12:59 Tsvetana: anayamba kukupatsani dzanja powoloka msewu chaka chathachi. tsiku loyamba munandiimbira mukulira. kumeneko kunali kuitana kwake

13:00 Tsvetana: juzi ya amene wamugwira manja mu kanemayo ndinaluka ndine. koma ndikufuna ndimve kwa inu

13:26 Nevena: achimwene analowa kuti amunyamule. Yasen wakuwa mpaka mawu kusasa. adadi awatulutsa, akuti chimutu chachikulu chopanda nzeru, kakhale ndi mbuzi

13:27 Nevena: inenso ndinaseka pojambula paja. ndimayesa akungochita manyazi. pepani alamu

13:29 Tsvetana: iwe sunadziwe. ndipo lero wakhala manja anga

14:05 Lyuben: madzulo ano ndi opemphana chikhululuko, abale onse abwera. mudzapsompsone dzanja la amayi monga mwa mwambo, nkhaniyi tikakambira kunyumba

14:40 Lyuben: mwakwera?

15:12 Tsvetana: ndakwera. ndikubwera kudzatenga mwana. dzanja la amayi ndipsompsona, ndi aakulu, ndipo anachita zomwe amakhulupirira. sanandilonjeze kanthu iwo

15:13 Tsvetana: inu mukandipempha pamaso pa anthu ndidzakhala chete. mawa tiyamba kusala, sindilowamo ndi bodza mkamwa

15:41 Nevena: watulutsa phazi limodzi. adadi amuikira buledi pa kansalu, poti mbale imalira

15:42 Tsvetana: Ambuye awasunge

16:18 Lyuben: [mawu 0:52] "Tsvetana... ndikunong'ona, ndili kuseri kwa chitseko chake. Ndinamuvula ndine. Anandipatsa dzanja yekha potuluka, amayesa tikupita kumtsinje. Mabelu atayamba anafuna kutseka makutu, ine ndinagwira manja onse awiri. Anandiyang'ana m'maso, mukudziwa kuti sayang'ana munthu, ine osamusiya. Ndinanama kwa Nevena, ndinanama kwa inu. Sindidikira madzulo. Yasen, mwana wanga, sindilowa, usaope. Ndikhululukire. Mayi a Yasen, ndikhululukireni."