Mzungu Wotupa Mutu

Lamulungu, 14 Epulo 1996

Mwamba wa ku Lusaka, amene akufuna kukwatira Sylvia, mwana wa mlongo wanga, wafika kuno ku Columbia Heights, ku Amereka. Mawu a ukwati ali kwa ine, malume. Ndati yankho adzalimva Lamulungu likudzali.

Akuti amasonkhanitsa ndalama zamapepala, osagulira kanthu, kumangoziyang'ana. Wandipatsa ya madola handiredi m'kathumba ka pulasitiki. "Ba malume, iyi ni ya nyowani, ili na nyenyezi pa nambala. Osaipinda."

Ndaiika m'Baibulo langa.

Lolemba, 15 Epulo

Handiredi ndimaidziwa. Pa iyi mzungu wa dazi uja watupa mutu, ndipo wasendera kumbali. Boma silingakhotetse munthu wake chotere.

Lachitatu, 17 Epulo

Ndaiunika pa windo. M'kati mwa pepala muli nkhope yachiwiri, yotuwa, yondiyang'ana. Nambala ya pakona ndi yobiriwira, ukapendeketsa, yada. Mulinso ulusi wokwiriridwa, wolembedwa timalemba.

Ngati si yabodza, ndiye kuti ndi yokhwimira. Chilichonse mwa ziwirizi n'chokwanira kumukanira munthu mbeta. Sylvia sindinamuuze. Akuyimba kukhitchini.

Lachinayi, 18 Epulo

Ndachotsa ulusi ndi singano. Sunatuluke mwaulemu. Pepala lang'ambika pawiri. Ndamata ndi selotepi.

Loweruka, 20 Epulo

Ndapita nawo umboni kwa mayi Emelda a ku tchalitchi, amene amagwira ntchito ku banki ku Rockville. Aseka mpaka kukhala pansi. Akuti ndi ndalama yatsopano ya boma, yatuluka mwezi wathawu. Nkhope ija, utoto uja ndi ulusi anaziika dala kuti akuba alephere kukopera. Za nyenyezi akuti sizipezekapezeka, osonkhanitsa amazilimbirana.

"Nanga waipanga opaleshoni ndani, bambo?"

Ndati kunja kwatentha lero.

Lamulungu, 21 Epulo

Mwamba wabwera ndi tayi, ndi galasi lokulitsira zinthu. Akuti pa kolala ya mzungu uja pali timalemba tosaoneka ndi maso, akufuna andionetse. "Ba malume, tengani ndalama ija."

Sylvia wanyamuka kuti akaitenge m'Baibulo langa.

Ndati, "Khala pansi, iwe. Bambo Mwamba, galasilo libwerere m'thumba. Tiuzeni tsiku limene ankhoswe anu abwere."

Sylvia waluluta. Baibulo ndalikhalira mpaka Mwamba atapita.