Marozi a ku Zomba pa Khonde la Amayi

Chamama,
Kasungu.
19 Novembala 1978

Okondedwa Achimwene a Cuthbert,

Ndangobwera kumene kuchokera ku Misa, ndipo ndikulemba ndisanavule n'komwe nsapato, chifukwa ndikadikira kuti mtima uzizire ndiyamba kukukometserani mawu monga ndimachitira nthawi zonse. Lero ayi. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Victoria ndi ana. Kuno sitili bwino. Amayi anathyoka mkono wamanja, ali ndi chikhakha, ndipo chawathyola ndi marozi anu.

Mukukumbukira mmene munabwerera mu Ogasiti muja, mutaima pabwalo manja m'thumba, n'kunena kuti khonde la mayi wa munthu wogwira ntchito m'boma siliyenera kukhala mbee ngati chigafa cha fodya. Munatsitsa marozi a m'zitini za penti m'galimoto, alamu akufotokoza kuti ili ndi lofiira, ili ndi lachikasu, onse amafuna madzi m'mawa ndi madzulo. Ine ndinakukokerani pambali n'kukuuzani kuti kuno si ku Zomba. Munaseka, n'kunena kuti vuto la aphunzitsi ndi loti safuna kuphunzitsidwa. Ku Zomba mumangotsegula mpopi, nkhungu imatsika m'phiri kudzakunyowetserani, ndipo wothirira si inu, ndi munthu wolembedwa ntchito. Kuno Okutobala akafika, ngakhale khwangwala amayenda atayasama.

Mwakhalitsa m'tauni mpaka mwaiwala kuti mwezi umenewo madzi amakhala ndi mwini wake, amene ndi nazale ya fodya. Chitsime cha kudambo amuna amachizinga ndi makeni awo kuyambira m'bandakucha, poti mbande zikauma chaka chonse chapita. Amalume a Lazaro anawauza Amayi pamaso pa anthu kuti madzi akumwa ndi ophikira atunge, koma a maluwa ayi, chifukwa maluwa sapita ku okushoni. Sindiwaimba mlandu amalumewo. Amayi anangoyamba kupita ku chitsime chakale cha kumunsi chija, chimene pakamwa pake panagumuka, ndipo ankapita masana dzuwa lili paliwombo kuti anthu asawaone. Ine ndinali m'kalasi, sindinkadziwa kanthu. Kumeneko ndi kumene anaterereka ndowa ili pamutu. Anawapeza ndi a Maliya, oyandikana nawo nyumba aja, atakhala m'matope atagwirira mkono, ndipo akuti chimene ankadandaula n'choti madzi atayika.

Tinawatengera kuchipatala ku Boma pa lole ya ku esiteti, akubuula pa bampu iliyonse, ndipo anawagoneka. Telegalamu sindinakutumizireni chifukwa anandiletsa, ati muli ndi ntchito yaikulu. Ntchito yanga ine ndi ya a Maliya ndiye yaing'ono, kaya.

Tsopano ndinene zanga, poti sindikufuna kuti muzimve kwa ena. Amayi ali kuchipatala ndinapita kukasesa kunyumba kwawo. Nditaona zitini zija zitandandalikidwa pakhonde, masamba atafota ngati akundipempha inenso madzi, mtima unandiwira. Ndinazula marozi anu n'kuwaponya kudzala. Ndinasiya limodzi lokha, lofiira, chifukwa linali ndi mphukira ndipo dzanja linakana. Kenako ndinachita mantha kuti Amayi adzapeza khonde lopanda kanthu, ndiye ndinayamba kuganiza za maluwa oti angakhale m'chitini popanda kupha munthu.

Zimenezi ndimazidziwa, Achimwene. Ku Nkhamenya asisitere anatiphunzitsa kuti duwa la m'chitini umalisankha poona madzi a pamalopo, osati poona kukongola kwake pakhomo pa mnzako. Uyang'ane la masamba okhuthala kapena onyezimira, loti ukathyola nthambi n'kuitsomeka limagwira, loti mbuzi imalinunkhiza n'kudutsa. Uboole chitini kunsi, uikemo timiyala ndi dothi losakaniza mchenga, basi. Madzi otsukira mbale amakwana.

Sabata yomweyo linafika tsiku lokumbukira omwalira, ndipo Akhristu tonse tinapita kukalambula manda a kuseri kwa tchalitchi. Pamanda a Bambo panali patadzaza timaluwa tija ta pinki ndi toyera, timene asisitere ankati periwinko. Palibe amatithirira, dzuwa lonse la Okutobala latidutsa, koma tinali titaphuka mpaka m'njira. Anzanga ankazula tophukira m'mbali n'kutaya. Ine ndinakulunga tanga m'chitenje n'kupita nato. Ndinkadziwa kuti kwathu kuno chinthu cha kumanda sichilowa m'mudzi, ndiponso kuti anthu amangotitchula kuti maluwa a kumanda. Sindinaiwale ayi. Ndinadziuza kuti ndine Mkhristu wophunzira, kuti manda amenewo ndi odalitsidwa, ndiponso kuti Amayi adzakondwa kukhala ndi kanthu kochokera kwa amuna awo. Ndinabzala m'zitini zanu zomwe zija, ndipo timaluwato tinagwira tonse.

Tsiku limene anatuluka m'chipatala ndinawatsogolera ine, chikwama chawo chili m'manja mwanga, ndikuyembekezera kuyamikiridwa. Anaima pakati pa bwalo. Anayang'ana khonde nthawi yaitali, kenako n'kundifunsa kumene ndinatenga maluwawo. Ndinawauza zoona.

“Lena mwana wanga,” anatero, mawu ali pansipansi, “ine ndangothyoka mkono. Wafulumira bwanji?”

Sanapondepo pakhondepo. Anatembenuka n'kukalowa m'nyumba ya a Maliya, ndipo ankagona komweko, nkhalamba yopweteka, pamphasa yobwereka, nyumba yawo ili pomwepo. Mudzi wonse unamva. Amayi ena pochoka kokonzekera magule a chipani ankadutsira dala pakhomopo kudzaona mphunzitsi amene wakonzera make manda ali moyo. Amalume a Lazaro anandifunsa ngati ku sekondale kumakhala phunziro lochotsa nzeru zimene munthu anabadwa nazo.

Ndinasenza zitini zonse za periwinko kubwerera nazo kumanda, dothi ndi zitini zomwe, poti Amayi anati asazionenso. A Maliya anazira khonde lonse mwatsopano, ndipo atatero m'pamene Amayi analowa m'nyumba. Nditapita kukalapa, Bambo Aloysius anandiuza kuti duwa ndi duwa, kutenga periwinko si tchimo, koma ndiganizire bwino mkwiyo umene ndinazulira marozi, ndi kunyada kumene ndinabzalira enawo. Ndaganizira. Kunyadako ndavomera. Mkwiyowo sunachoke, ndipo ndikaufufuza ndikupeza kuti ukuloza ku Zomba.

Chimene chikundiopsa ndi ichi. Rozi lotsala lija Amayi alibweza pakhonde, ndipo ayambanso kupita ku chitsime chogumuka chija, ketulo ili ku dzanja lamanzere. Ndinapempha kuti ndizitunga ine ndikaweruka, anati madzi anga sakuwafuna. Mvula sinagwe, kwangochita mitambo yonamiza. Akagweramo ulendo uno alibe mkono wogwirira m'mphepete. Ndikamaphunzitsa, maso amakhala ku zenera loyang'ana kudambo, ndipo ana azindikira.

Maluwa ena ndawapeza, ochokera kwa anthu amoyo. Akazi a ahedi andipatsa chisoti chaminga, chimene chimaphuka chaka chonse pa madzi a m'kapu, ndi teni koloko wa masamba onenepa uja, amene amatseguka dzuwa likakwera. Ali kuseri kwa nyumba yanga m'zitini zatsopano, ndipo agwira. Koma chochokera m'manja mwanga Amayi sangachilandire tsopano. A Maliya anati ndingonena kuti mwatumiza ndinu pa basi, ndipo kunena zoona ndinafika mpaka pokonza mawu ake. Sindichita. Ndawapweteka kale ndi choonadi, sindiwachiza ndi bodza.

Choncho lembani, Achimwene, ndi dzanja lanu, osati pa taipi ya ku ofesi. Muwauze kuti munalakwitsa kusankha, kuti rozi si duwa la ku Kasungu, kuti lotsalalo alipereke kutchalitchi, ndipo alandire amene ndasunga ine chifukwa inu mwatero. Inu amakumverani ngakhale mutalankhula zopanda mutu, ndiye kamodzi kokha gwiritsani ntchito mwayi umenewo pa chinthu chothandiza. Musatumize shuga kapena nsalu m'malo mwa mawuwo. Musadikirenso Khirisimasi. Ngati kunena kuti munalakwitsa kukukulemerani, yesani kunyamula ndowa yodzaza kuchokera kudambo, muone cholemera n'chiti.

Alamu anga a Victoria muwapatse moni. Ndinafuna kuusiya moniwu, koma ndalandira Ukalistia lero. Ana muwauze kuti azakhali awo amawatchula m'mapemphero a korona tsiku lililonse. A Maliya akuti moni, ndipo mudzawathokoze, chifukwa ndi amene akuwasambitsa mayi anu. Amalume a Lazaro sanapereke moni.

Amayi atamva kwa a Maliya kuti ndikulemberani, anandiitana. Aka kanali koyamba kundiitana okha chichitikireni zija, ndipo ndinathamanga ngati mwana. Sanandiuze kuti ndikhale pansi.

“Za mkonowu usamuuze,” anatero. “Umuuze kuti duwa lake laphuka, ndipo ndikulisamala.”

Laphukadi, Achimwene, ndi lofiira, ndi lokongola. Uthenga wawo ndapereka. Pa zinazo sindinawamvere, ndipo akadzadziwa adzandikwiyiranso. Zimenezo ndipirira, bola akhale alipo oti andikwiyire. Yankhani msanga.

Ndine mlongo wanu mwa Ambuye,
Lena